ULENDO WA KU CHISI: MPIRA WA MANJA M'CAKA CIMENE NYANJA INAPHWA

Kodi inu owerenga munafikako ku Chisi? Ambiri a inu munadyapo matemba a ku Chilwa, ndipo ena mumagula mpunga wa ku Domasi ndi ku Likangala, koma ndi owerengeka amene anaoloka madzi ndi kukaponda pa cisumbu cimene ciri m'nyanjamo. Ine ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo m'caka ca 2018 nchito yanga inandifikitsa kumeneko kawiri-kawiri. Ndinali kupita kukaona minda, nkhokwe ndi mbuzi. Koma lero ndifuna kukuuzani za timu ya atsikana a mpira wa manja imene ndinaipeza kumeneko, ndi m'mene inayendera m'ligi ndi m'cikho caka cimeneco. Musati mlangizi wasokera. Mukawerenga mpaka pa mapeto mudzaona kuti nkhani ya mpira ndi nkhani ya munda zinakumana pa njira.

NJIRA YACE

Mukafuna kupita ku Chisi muyambire pa Zomba. Mutsikire ku Matawale ndi kulunjika kum'mawa, phiri la Zomba likhale kumbuyo kwanu. Mseu utsika pang'ono-pang'ono kulowa m'cigwa. Mudzaona phiri la Mpyupyu litaima lokha pakati pa minda, ndipo mukayenda mamailosi ngati 20 kucokera m'tauni mufika pa dooko la Kachulu. Pa nyengo ya nsomba mphuno ndiyo iyamba kudziwa kuti mwafika, pakuti fungo la matemba oyanika ndi utsi wa milamba yowamba zikulandirani musanaone madzi.

Nyanja ya Chilwa ndi yaciwiri kukula m'dziko lathu, koma isiyana ndi nyanja ya Malawi pa zinthu ziwiri. Coyamba, iribe mtsinje woturutsa madzi monga Shire. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani ithira m'menemo, ndipo madziwo acoka ndi dzuwa basi. Cifukwa cace ali ndi kamcere, ndipo maonekedwe ace ndi amatope. Caciwiri, nyanjayi ndi yosaya, kotero kuti m'malo ambiri mwini bwato angokankha pansi ndi nsungwi. Inu amai mudziwa kuti madzi a m'mbale sacedwa kuuma monga a mu mtsuko. Mvula ikacepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana nyanja ibwerera m'mbuyo, ndipo nthawi zina iphweratu. Inatero mu 1968, inateronso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikuru inauma ine ndikuona ndi maso anga. David Livingstone atafika pano mu 1859 analemba dzina lace kuti Shirwa.

Ulendo wanga woyamba unali m'mwezi wa April, madzi akadalipo. Mwini bwato anandiyang'ana nsapato ndi cikwama nati, "Alangizi, khalani pakati, ndipo musagwire m'mbali. Mukaona madzi alowa musaimirire, tengani cigubu ico mukape." Tinadutsa m'njira yopapatiza pakati pa mabango, kenaka tinaturukira poyera. Kumpoto kunali phiri la Chikala, kumwera kutali Mulanje, ndipo kum'mawa mapiri a ku Mozambique. Anandionetsa zimbowera, ndizo tinyumba timene asodzi amanga pa udzu woyandama; m'menemo agona, aphika ndi kuwamba nsomba masabata ambiri osaponda kumtunda.

CISUMBU CACE

Chisi ndi mapiri amiyala oturuka m'madzi, ndipo midzi iri m'tsinde mozungulira, pansi pa Mfumu Mkumbira. Muli milambe yaikuru-ikuru. Minda ndi yaing'ono, yambiri iri potsetsereka, ndipo cimanga ca banja limodzi sicifika mwezi wa December. Nditafunsa mkulu wina cifukwa cace salima mokwanira anandiyankha kuti, "Mwana wanga, munda wa munthu wa pa Chisi ndi uwo," naloza nyanja. Nsomba zace zeni-zeni ndi zitatu: matemba, makumba ndi milamba. Zimenezi ndizo zigula ufa, sopo, makope a ana a sukulu, ndiponso, monga ndinadziwira pambuyo pace, ndizo zinali kuyendetsa mpira.

Tsiku limenelo tinali ndi msonkhano wa kasungidwe ka cimanga ndi za anankafumbwe. Tisanamalize ndinamva wezulo kuseri kwa sukulu, ndipo ndinaona kuti amai ayamba kuceuka-ceuka. Ndinatseka msonkhano ndi kuwatsata. Ndinapeza bwalo losesedwa bwino, mizere yace yolembedwa ndi phulusa. Mizati iwiri inali ya bulugama, ndipo pamwamba pace panali mikombero ya citsulo imene anaipinda munthu wokonza njinga. Atsikana 12 anali kuthamanga opanda nsapato, ena a sukulu, ena oyanika nsomba ndi amai ao. Mpira weni-weni unali umodzi wokha, ndipo unali kugona kunyumba kwa aphunzitsi aakazi amene anali kuwaphunzitsa. Masiku wamba anali kusewera ndi mpira womanga ndi majumbo.

Sabata imeneyo mudzi wonse unali kukamba nkhani imodzi imene anaimva pa wailesi: timu ya dziko lathu, ma Queens, inagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53 pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast, m'dziko la Australia. Mtsikana ali yense woponya zigoli anali kudziyesa Mwai Kumwenda. Aphunzitsi anali kuwakumbutsa kuti Mwai anakulira kumudzi ku Mzimba, kuti nayenso anayamba wopanda nsapato ndi mpira wa mapepala, ndipo kuti mu 2015 ku Sydney anamsankha kukhala wosewera bwino koposa onse pa mpikisano wa dziko lonse lapansi.

MASEWERA AWIRI APACIBALE

Ine ndiri ku sukulu ya sekondale ndinali kusewera basiketibolo, tsono nditaona mikombero ija ndinafunsa aphunzitsi kuti bwanji osaphunzitsa anawa masewera amenewo. Iwo anaseka, nandipatsa mpira nati, "Taugundani pansi, alangizi." Ndinaugunda, ndipo unagwera pa kamwala nuthawira m'cinangwa. Ana onse anafa nako kuseka.

Pamenepo mpofunika ndikufotokozereni, pakuti ambiri asokoneza masewera awiriwa. Basiketibolo inayamba mu 1891 ku Springfield, m'dziko la America. Mphunzitsi wina, James Naismith, anafuna masewera a m'nyumba pa nyengo yozizira, napacika madengu awiri a mapicesi pa msinkhu wa mapazi 10 kuti anyamata aponyemo mpira. Kufikira lero mkombero uli pa msinkhu womwewo. Timu iri yonse ikhala ndi anthu 5 m'bwalo, ndipo munthu aloledwa kuyenda ndi mpira pokha-pokha ngati akuugunda pansi. Kuponya kwapafupi kupatsa mapointi 2, kwakutali mapointi 3. Cifukwa ca kugunda kumeneku masewerawa afuna bwalo la simenti kapena la matabwa, ndipo cifukwa cace kuno kwathu muwapeza m'matauni, m'makoleji, m'masekondale ndi kwa asilikali. Bungwe loyang'anira ndi Basketball Association of Malawi, ndipo timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe inaimirako dziko lathu m'mipikisano ya matimu a mu Africa.

Masewera a Naismith ataoloka nyanja kufika ku England, akazi a m'masukulu ophunzitsa zolimbitsa thupi anawasintha, ndipo pasanathe zaka zambiri panabadwa mpira wa manja umene ena ati nchemberembaye. M'menemo osewera ndi 7 mbali iri yonse. Kuyenda ndi mpira nkoletsedwa, ndipo kuusunga m'manja koposa masekondi 3 ndi mlandu. Bwalo ndi la mapazi 100 m'litali ndi 50 m'lifupi, logawidwa patatu, ndipo wosewera ali yense ali ndi malire ace. Awiri okha ndiwo aloledwa kuponya cigoli. Mkombero uli pa mapazi 10 monga wa basiketibolo, koma ulibe thabwa kumbuyo. Masewera agawidwa panai, gawo liri lonse mphindi 15. Popeza mpira uyenda m'mwamba kucoka m'manja kunka m'manja, bwalo la dothi likwanira. Mwana ndiye anafika kumidzi kumene kholo lace silinathe kufika.

LIGI IYAMBA

Timu ya pa Chisi inali m'ligi yaing'ono ya midzi ya m'mbali mwa nyanja. Kwa inu amene simudziwa kusiyana kwace: m'ligi timu iri yonse ikumana ndi inzace iri yonse kawiri, kamodzi kwao, kamodzi koyenda, ndipo pa mapeto awerenga mapointi. M'cikho mulibe mawa. Mukagonja kamodzi mwaturuka. Komiti inakhazika lamulo lakuti timu yolephera kufika pa tsiku lace ipereka mapointi kwa inzace.

Kwa timu za kumtunda ulendo ndi miyendo kapena njinga. Kwa ana a pa Chisi ulendo uli wonse ndi bwato, ndipo bwato ndi ndalama. Tsono anapangana kuti wosewera ali yense azibwera ndi mbale ya matemba pa sabata, ndipo asodzi ena okonda mpira anali kuonjezapo. Matembawo anali kukagulitsidwa pa Kachulu. Ndalama zinali kusungidwa m'citini ndi agogo ena aakazi amene mudzi wonse uwakhulupirira, ndipo aphunzitsi anali kulemba zolowa ndi zoturuka m'kope. Ine ndinaliona kopelo, ndipo ndinacita manyazi, pakuti makalabu ena a alimi amene ndiwayendera alibe kope losamalika cotero.

M'miyezi ya May ndi June zinthu zinayenda bwino. Pa bwalo lao sanagonje ndi kamodzi komwe. Anthu a pa Chisi anali kunena kuti nyanja ndi wosewera wao wacisanu ndi citatu, pakuti alendo ambiri anali kufika m'mimba mutatembenuka ndi mafunde, miyendo iri njenjenje. Koma ndisawacepse: anali kudziwa mpira. Anali ndi mtsikana wamtali wa Standard 8 woponya zigoli, amene akaima pansi pa mkombero anzace anali kuyamba kubwerera pakati mpira usanalowe. Analinso ndi wochinga wamfupi, mai wa mwana mmodzi, amene anali kulumpha ngati wapsa phazi. Tsiku la masewera amai anali kuzungulira bwalo ndi nyimbo, ndipo cigoli cikalowa nthungululu zinali kumveka mpaka ku dooko.

Mu July unabwera mwera. Mphepo imeneyi icokera kumwera m'miyezi yozizira, ndipo pa nyanja yosaya iutsa mafunde aafupi, obwera motsatana, amene agubuduza bwato msanga. Loweruka lina atsikana anafika pa dooko m'mamawa atabvala kale mayunifomu, koma mwini bwato anakana. Analira, anamdandaulira, ena anamnena kuti wadya ndalama za timu ya kumtunda. Iye anangoti, "Ana anga, mapointi mudzawapeza caka ca mawa, koma mwana wa munthu akamira sitimpezanso." Sabata yotsatira zinateronso. Masewera awiri anapita osaponya mpira ndi kamodzi komwe. Amfumu analembetsa kalata yopempha kuti masewerawo abwerezedwe. Komiti inabvomera amodzi, ena inakana, niti lamulo ndi lamulo. Timu imene inali pamwamba inatsikira pacitatu.

NYANJA IBWERERA M'MBUYO

Nditabweranso kumapeto kwa August bwato silinafike pa dooko. Tinatsikira patali ndi kuyenda m'matope nsapato ziri m'manja. Madzi akamacepa mcere ucuruka ndipo nsomba zisowa mpweya. Poyamba zinali kugwidwa zambiri, cifukwa zinaunjikana malo amodzi, ndipo anthu osadziwa anakondwa. Pambuyo pace makoka anayamba kuturuka opanda kanthu. Asodzi ena ananyamuka kunka ku Malombe ndi ku nyanja ya Malawi, ena ku Mozambique. Otsala ambiri anakwera m'phiri ndi nkhwangwa kukaocha makala, ndipo utsi umene kale unali wa milamba tsopano unali wa mitengo. Monga mlangizi mtima unandipweteka, pakuti phiri lopanda mitengo litaya dothi lace mvula yoyamba. Koma munthu wa njala simungamuuze za dothi muli cimanja-manja.

Mbale za matemba zinaleka kubwera. Osewera anai anacoka ndi makolo ao, natsala 8, ndiye kuti 7 m'bwalo ndi mmodzi yekha panja. Agogo anandionetsa citini. Munali ndalama za ulendo umodzi.

Coopsa ceni-ceni cinali cina. Kunamveka kuti mtsikana wamtali uja afuna kumkwatitsa kwa munthu wina wogula nsomba amene analonjeza matumba a cimanga. Iye anali asanakwane zaka 18, ndipo inu mudziwa kuti kuyambira mu 2017 malamulo akulu a dziko lathu aletsa ukwati wa mwana wosafika zaka zimenezo. Aphunzitsi ndi agogo anapita kwa atsibweni ace, pakuti kumeneko mwini mbumba ndiye agamula, ndipo anandipempha kuti ndiwaperekeze. Tinakhala pa mphasa, tinapatsana moni, ndipo aphunzitsi anafotokoza za lamulo ndi za mayeso amene mwanayo anali kuyembekeza. Bamboyo anamvetsera mpaka pa mapeto osadula mau, kenaka anati, "Aphunzitsi, lamulo ndalimva, ndipo sindikana. Koma lamulo sathira mu mphika. M'nyumba umu muli ana asanu. Mundiuze cimene adye, ine ndibweza mau kwa munthu uja." Onse anaceukira kwa ine, pakuti za cakudya mwini wace ndi mlangizi.

DIMBA LA TIMU

Usiku umenewo sindinagone bwino. M'mawa ndinaitana timu yonse ndi kunena kuti popeza nyanja yatisiyira nthaka yonyowa, tilime dimba, ndipo dimbalo likhale la timu. Amfumu anatipatsa malo. Ine ndinasankha pamalo poyera, posalala, pamene madzi anali atangocoka, ndipo ndinabwera ndi mbande za tomato kucokera kumtunda. Agogo anapukusa mutu nati, "Alangizi, pamenepo ai." Ine ndinayesa kuti ndi zonena za okalamba, ndipo ndinaumirira. Tinaoka, tinathirira. Patapita sabata limodzi pamwamba pa nthaka panayera ngati pathiridwa ufa, masamba anapsa m'mbali, ndipo mbande zonse zinafa. Unali mcere. Za mcere wa m'nthaka ndinaziphunzira ndithu ku sukulu ya zaulimi, koma ndinaziiwala pa tsiku limene zinali kufunika.

Ndinapita kwa agogo cipewa ciri m'manja. Iwo sanandiseke. Anati mu 1968 anali kamtsikana, mu 1995 anali ndi ana ao, ndipo zaka zonse ziwiri anthu anapulumukira m'tsinde mwa phiri, pamene madzi ozuna atsikira pansi pa nthaka. Ananditengera kumeneko, nandionetsa udzu umene umera pa nthaka yabwino ndi umene umera pa mcere, nati ndilawe dothi ndi lilime. Akulu anati mau a akulu akoma akagonera. Kwa ine anakoma atagonera sabata limodzi lokha. Tinakumba citsime cosaya, ndipo tinabzala mpiru, maungu a nkhwani ndi mbatata. Tinaphimba mabedi ndi udzu kuti cinyezi cisathawe. Atsikana anagawana masiku othirira, ndipo lamulo la aphunzitsi linali lakuti wosathirira m'mawa sagwira mpira madzulo.

Ndisakunamizeni kuti dimba limenelo linalemeretsa munthu. Linali laling'ono. Koma mu October mpiru ndi nkhwani zinayamba kuthyoledwa pa nthawi imene pa cisumbu ponse panalibe ndiwo, ndipo kholowa anatsatira. Gawo lina linali kupita ku nyumba za osewera, gawo lina kugulitsidwa, ndipo citini cinayambanso kulira. Mabanja ena ataona anakumba zitsime zao pafupi. Atsibweni aja anapatsidwa mabedi awiri, ndipo amfumu anaika dzina la banjalo patsogolo pa olandira cimanga ca cithandizo. Mau anabwezedwa kwa wogula nsomba uja, ndipo mtsikanayo anakhalabe pa sukulu. Ligi inatha timu iri pacitatu pomwepo.

TSIKU LA CIKHO

Cikho cinaseweredwa mu November, ndipo masewera otsiriza anaikidwa tsiku limodzi pa bwalo la sukulu ina ya kumtunda: timu zinai, awiri-awiri m'mawa, opambana akumane madzulo. Tsopano panalibe za bwato, pakuti mabwato anali gone pa matope ouma. Aphunzitsi anafunsa atsikana ngati afuna kupita, ndipo wochinga wamfupi uja anayankha kuti, "Madamu, mu July madzi anatikaniza. Tsopano madzi kulibe, atikanize ndani?"

Tinanyamuka tambala woyamba, ine ndikukankha njinga imene tinamangapo zigubu za madzi akumwa. Mayunifomu anali m'beseni pamutu pa mmodzi, mbatata yophika pamutu pa wina, ndipo amai ena 10 anatiperekeza. Abale anga, kuyenda pansi pa nyanja ndi cinthu cozizwitsa. Nthaka inali yong'ambika-ng'ambika ngati mphika wosweka, ming'alu yolowa dzanja. Tinadutsa mabwato ogona cam'mbali, mono wotayidwa, ndi minga ya nsomba yoyera mbuu. Pamene mwini bwato anandiuza mu April kuti ndisaimirire, ndinali kuyendapo ndi miyendo. Pakati panali pakadali matope ofika m'maondo, ndipo pamenepo njinga inasanduka katundu. Atsikana anainyamula akundiseka kuti alangizi abwera ndi mwana wobereka. Dzuwa litaturuka, kutsogolo kunaoneka ngati madzi akunyezimira, koma tikafikapo linali dothi lokha-lokha.

Tinafika matope ali mpaka m'ncafu. Anthu a kumtunda anaima kutiyang'ana, ndipo mai wina amene mwana wace anali m'timu yolimbana nafe anatenga ndowa, natungira atsikana athu madzi osamba. Masewera a m'mawa tinapambana bwino. Wamtali uja sanaphonye kawiri motsatana. Masewera otsiriza anayamba dzuwa litapendeka. Gawo loyamba tinatsogola, laciwiri tinatsogolabe, lacitatu linatha zigoli ziri zofanana. M'gawo lacinai ulendo wa m'mawa unafika m'miyendo. Wosewera wapakati anagwidwa ndi dzanzi nagwa. Wa panja uja analowa, ndipo panalibenso wina wolowa. Timu inzathu inali ndi atsikana anai opumula amene anali kusinthana. Mipira imene m'mawa inali kufika m'manja tsopano inali kugwera pafupi. Wezulo wotsiriza analira titacepa ndi zigoli ziwiri.

Analira ndithu, ndipo ine ndinayang'ana kumbali. Koma poitana timu yaciwiri kuti ilandire mphatso yace, anthu a kumtunda anaimba m'manja nthawi yaitali koposa m'mene anaimbira eni cikho. Mphatso inali mpira watsopano ndi ndalama pang'ono. Tinagona m'kalasi, ndipo m'mawa tinabwerera njira yomweyo. Pa msonkhano wa timu anagwirizana kuti ndalamazo zigawidwe pawiri: theka ligule mbeu, theka lilipire mayeso a osewera awiri a Standard 8. Agogo anatsekera zotsala m'citini, aphunzitsi nalemba m'kope.

ZIMENE NDINATOLAKO

Mvula inagwa, ndipo mu March 2019 inagwa yoopsa m'cigawo conse ca kumwera. Nyanja inabwerera m'malo mwace. Nsomba zimene zinabisala m'maiwe a mitsinje ndi m'madambo zinayamba kuswana, ndipo patapita nthawi Kachulu ananunkhanso matemba. Mu March 2023 namondwe Freddy anadzaza nyanja koposa, madzi nalowa m'minda ndi m'nyumba za m'mbali. Umo ndi m'mene Chilwa akhalira: lero apatsa, mawa alanda, ndipo wokhala naye pafupi ayenera kukonzekera zonse ziwiri.

Tsono kwa inu amene muli ndi timu m'midzi mwanu, kaya ya mpira wa manja, kaya wa miyendo, kaya basiketibolo kumene kuli bwalo lace, ndiri ndi mau atatu.

Loyamba, thumba la timu lisadalire cinthu cimodzi. Ana a pa Chisi anadalira matemba, ndipo matemba atatha timu inatsala pang'ono kufa. Ena a inu mudalira munthu mmodzi wacuma kapena wofuna mavoti. Tsiku limene iye adzatopa mudzakhala ngati bwato pa matope. Pemphani malo kwa amfumu, limani dimba kapena munda wa timu, sankhani msungi wokhulupirika, ndipo ndalama iri yonse ilembedwe m'kope limene ali yense angathe kuliona.

Laciwiri ndi la inu a makomiti. Pokonza masiku a masewera yang'anani kumene timu iri yonse icokera. Timu ya pa cisumbu ipatseni masewera a kwao m'miyezi ya mwera, ndipo iyende m'miyezi ya bata. Lamulo limene likakamiza ana kukwera bwato pa mphepo lifunika kulikonza lisanaphetse munthu.

Lacitatu ndi la alangizi anzanga ndi onse amene tinapitako ku sukulu. Musanakhome cikhomo pa nthaka ya eni, funsani nchembere imene inaona njala ziwiri. Mbande za tomato zija ndinagula ndi ndalama za m'thumba mwanga, ndipo sindidandaula, pakuti ndinalipira sukulu.

Mukafuna kukaona Chisi, pitani mvula itatha, mu April kapena May, mwera usanayambe. Nyamukani pa Kachulu m'mawa nyanja ikadali bata, mverani mwini bwato, ndipo musakwere bwato lodzaza kopitirira. Tengani madzi anu akumwa, pakuti matenda a kolera abvuta kawiri-kawiri m'mbali mwa nyanjayi. Mukafika yambani mwaonekera kwa amfumu monga mwa mwambo. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli mpira umene ana anu anauleka, uikeni m'cikwama. Madzulo mukamva wezulo kuseri kwa sukulu mudzadziwa kumene muupereke.